Kodi Kukhala Chete Nkunama?

Amayi anzathu, mazira akadula timakanya nthochi zakupsa m'malo mwake. Bekingi pauda akasowa timasakaniza soda ndi chambiko, keke nkufufuma bwinobwino ngakhale mumphika wa makala pansi ndi pamwamba. Apa palibe tchimo, ndi luso lomwe timakondwa kuphunzitsana.

Nkhani imavuta tikamagulitsa pa tsiku losonkhetsa ndalama za mpingo. Majarini watha, tathira chiponde, wogula sanafunse. Timuuze? Ena amati kukhala chete si bodza. Koma ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala tinalandirapo mwana atatupa milomo, akubanika, chifukwa cha mtedza womwe mayi ake sankadziwa kuti uli m'keke. Wophikayo anali mayi wopemphera ngati ife tomwe, ndipo sananene bodza ngakhale limodzi.