Ng'ombe Yogunda ndi Mlandu wa Wotcheza Mowa

Mikangano ya mowa m'mipingo mwathu imakonda kuthera pa womwa. Wina amatsegula Aefeso 5 n'kunena kuti kuledzera n'koletsedwa, mnzake amamuyankha ndi ukwati wa ku Kana, ndipo amabalalika aliyense atakakamira vesi lake. Amene saitanidwa kawirikawiri pabwalo limeneli ndi munthu wosonkha moto pansi pa mphika, uja amatenga mowa wofulula kale n'kuutcheza kuti utuluke waukali. Mlandu wake ndi wosiyana ndi wa womwa, komanso ndi wosiyana ndi wa mayi wofulula masese. Kuti tiuone bwino, tiyambire pa chida chimene chafikitsa luso lotcheza pachimake, chomwe pa Chingelezi amachitcha reflux still. Ku New Zealand anthu wamba amachiimika m'magalaja mwawo osaopa apolisi, chifukwa dzikolo linalola kutcheza mowa womwa pakhomo mu 1996.

Mowa ukamawira mumtsuko, yisiti imadya shuga n'kutulutsa ethanol, chinthu chenichenicho chimene chimaledzeretsa. Koma yisiti ili ndi malire ake: ukali ukafika pafupifupi magawo 14 kapena 15 pa 100 alionse, imafooka n'kufa m'mowa womwe yapanga yokha. Kutcheza ndi nzeru yolumphira malire amenewa. Ethanol amawira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100, choncho nthunzi yoyamba kukwera imakhala yaukali kuposa zotsala mumphika. Wotcheza kachasu amaidutsitsa nthunziyo kamodzi kokha mumpope wozizidwa ndi madzi. Reflux still imachita mwina. Pamwamba pa mphika pamaima mpope wautali wodzazidwa ndi timawaya ta mkuwa. Nthunzi ikafika kunsonga imazizidwa, yambiri imadontha kubwerera pansi, ndipo potsika imakumana ndi nthunzi ina imene ikukwera. Pa kukumana kulikonse madzi amatsala, ethanol amapitirira, ngati kuti mowawo watchezedwa kambirimbiri pa ulendo umodzi. Chotuluka chimafika magawo 95 pa 100, ndipo pang'ono kupitirira apo luso limatha, chifukwa madzi otsalawo amayamba kuwira pamodzi ndi ethanol osalekana. Nzeru yomweyi ndi imene Aeneas Coffey wa ku Ireland analembetsa mu 1830, iye amene kale anali mkulu wa misonkho ya mowa wothamangitsa otcheza mobisa, ndipo ndi imene imapanga ethanol wosakaniza ku petulo ku Dwangwa kuyambira mu 1982. Woyendetsa chida chotere maso ake sachoka pa choyezera kutentha. Amataya madontho oyamba onunkha moboola mphuno, amasunga apakati, amapatula akumapeto. Palibe chimene chimachitika mwangozi pa ntchito imeneyi, ndipo mlandu wonse wagona pomwepa.

Baibulo silinkadziwa mowa wotcheza. Vinyo wa Salimo 104 wokondweretsa mtima, chakumwa chaukali chimene Miyambo 20 imachenjeza, vinyo amene Paulo analangiza Timoteo chifukwa cha m'mimba mwake, zonsezi zinali zofulula, zomangidwa ndi malire a yisiti. Kutcheza vinyo kunayamba kulembedwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100, pogwiritsa ntchito ziwiya zimene akatswiri olemba Chiarabu anakonza kale, ndipo chotulukacho anachitcha madzi a moyo poganiza kuti apeza mankhwala a matenda onse. Zaka mazana angapo zitadutsa, mowa wotcheza wotchedwa jini unali utasakaza anthu osauka a mu London mpaka William Hogarth anajambula chithunzi chake chotchuka cha Gin Lane mu 1751. Mlaliki John Wesley sanaletse otsatira ake mowa wamba, koma m'malamulo a 1743 anawaletsa kugula kapena kugulitsa mowa wotcheza. Iye anaona kusiyana kumene ife timakuiwala. Masese amadzaza mimba munthu asanafike patali, amasasa pakapita masiku ochepa, ndipo kale ankamwedwa pagulu, chipanda chikuzungulira pamaso pa akuluakulu, pa dima kapena pa chikumbutso. Kachasu, amene dzina lake lomwe linachokera ku cachaça wa Apwitikizi kudzera m'chigwa cha Zambezi, sawonongeka, amalowa m'thumba la jekete, ndipo munthu atha kumaliza velemoti ali yekha kuseri kwa nyumba. Vesi la ku Kana silingamasule wotcheza, ndipo vesi loletsa kuledzera silimukhudza mwachindunji.

Lamulo limene limamufika lili pa Eksodo 21, ndipo silinena za mowa n'komwe. Ng'ombe ikagunda munthu mpaka kufa, imaphedwa koma mwini wake sapalamula. Ngati ng'ombeyo inali yodziwika kuti imagunda, mwini wake anachenjezedwa koma osaitsekera, imfayo imakhala pamutu pake. Nyanga n'zomwezo, malemu ndi yemweyo. Chasintha n'chakuti mwiniyo ankadziwa. Deuteronomo 22 amalamula womanga nyumba kuika kampanda padenga la nyumba yake kuti wina asagwe, ngakhale mwini nyumba sangakankhe munthu. Mabwalo a mafumu athu amaweruza chimodzimodzi: mbuzi ikadya chimanga cha mnansi, nyakwawa safunsa mbuziyo. Ndipo mwambo woti wofulula ayambe walawa mowa wake asanapereke chikho kwa alendo umasonyeza kuti makolo ankaona kuti wopanga chakumwa ali ndi choyankha pa moyo wa womwa. Choncho mlandu umakula ndi kudziwa. Munthu amene angathe kutchula ukali wa mowa wake ndi nambala, amene wausefa mwadala kuchoka pa magawo 10 kufika pa 95, ndiye mwini ng'ombe wochenjezedwa kwambiri m'mudzi monse.

Wotcheza waluso ali ndi yankho lake, ndipo si lopanda pake. Amati chimene chimapha anthu ndi mowa wauve, pomwe wake ndi woyera. N'zoona kuti imfa za anthu ambiri nthawi imodzi sizichokera kawirikawiri ku madeya ndi shuga. Anthu oposa 100 amene anafa ku Kenya mu Novembala 2000, ndi ena amene anafa ku Czech Republic mu 2012, anamwa mowa umene amalonda anathiramo methanol wa m'mafakitale, yemwe amachititsa khungu ndi kupha. Ku America otcheza mobisa ankaziziritsa nthunzi m'malediyeta a galimoto, mtovu n'kulowa m'magazi a omwa. Amene amapewa zonsezi wachita bwino, wakwaniritsa udindo umodzi. Koma kuyera kwa chinthu si kuyera kwa ntchito. Imfa pafupifupi 2.6 miliyoni zimene bungwe la WHO linawerengera kuti zinadza ndi mowa mu 2019 sizinali za methanol. Zinali za ethanol yemweyo amene mpope wa mkuwa umamusankha mosamala chonchi, wowononga chiwindi, woyambitsa khansa, wogwetsa galimoto m'maenje. Mowa wosefedwa bwino ulibenso fungo lochenjeza, umatsika pakhosi osatsamwitsa. Ng'ombe yosamba ku dipi, yopanda nkhupakupa ndi imodzi yomwe, imagundabe, mwinanso mwamphamvu kuposa yowonda.

Chitsutso cholimba kwambiri n'chakuti womwa si mwana. Wogundidwa ndi ng'ombe sanasankhe kugundidwa, koma chidakwa chimabwera chokha ndi ndalama yake m'manja. Wosula mpeni saimbidwa mlandu wa wobaya mnzake, nanga wotcheza alakwanji? Zina mwa izi n'zoona: womwa ali ndi mlandu wake, ndipo palibe angamuchotsere. Koma fanizo la mpeni limatsimphina. Mpeni susintha maganizo a wougwira, pomwe mowa umagwira ntchito pa chiwalo chomwecho chimene munthu amasankhira. Kapu yoyamba imasankhidwa ndi munthu wanzeru zake. Yachisanu imasankhidwa ndi wina amene kapu zinayi zoyamba zamupanga, ndipo wogulitsa amaona kusinthaku ndi maso ake. Palinso ena amene sanasankhe kanthu: mkazi womenyedwa usiku, mwana wogona ndi njala chifukwa malipiro athera pamowa, okwera minibasi ya dalaivala wa matsire. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo pa nkhani ya mowa nthawi zambiri zimatembenuka, wamkulu n'kudya, mwana n'kupotedwa. Mneneri Habakuku anatchulira tsoka munthu womwetsa mnzake mpaka kumuchititsa manyazi. Chisilamu, m'mahadisi ake, chimaika wofinya, wonyamula ndi wogulitsa pamzere umodzi ndi womwa, ndipo chiphunzitso cha Buddha chimawerengera malonda a zoledzeretsa pakati pa ntchito zosayenera kudyerapo. Miyambo yotalikirana chotereyi inagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti mlandu suli ngati mtanda wa nsima woti wina akatemapo gawo lake la mnzake lichepe. Maboma nawo anafika pomwepo pamene Zambia inaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'masacheti, mu 2012, Malawi n'kutsatira mu 2015. Mwana wa sukulu ankagula yekha, inde, koma amene anasankha kuika mowa waukali m'kathumba kotsika mtengo, kobisika m'sokosi, sanali mwanayo.

Nanga mayi wa m'mudzi amene kachasu ndiye amalipirira ana fizi, amagulira feteleza, amafoletsera nyumba? Kumuweruza uli wokhuta n'kosavuta. Lamulo la ng'ombe lija likamvedwa bwino limamuchitira chifundo kuposa momwe mipingo ina imachitira, chifukwa limayeza mlandu ndi kudziwa komanso ndi mpata umene munthu anali nawo. Mayiyu alibe choyezera ukali, amangoyesa mutu wa kachasu pamoto kuti aone ngati ukuyaka, ndipo njira zina zopezera ndalama n'zochepa. Mlandu wake ndi wopepuka kuposa wa munthu wophunzira wotcheza mongosangalatsa mtima, ndipo ndi wopepuka kwambiri kuposa wa fakitale yokhala ndi akatswiri odziwa mwezi ndi mwezi kuti akumwa ndani. N'zachilendo kuti mpingo umaika mayi wa kachasu kumwambo koma osafunsa kumene chachikhumi cha mwini bala wamkulu chachokera. Komabe kupepuka si kusowa. Mayi yemweyo amadziwa kuti bambo uyu wabwera ndi chimanga choba m'nkhokwe ya pakhomo pake, amadziwa kuti mnyamata uyu sanakwane zaka 18. Pa zimene amadziwazo umphawi sumuimira.

Ena anganene kuti ngati zili choncho, kutcheza konse ndi tchimo ndipo kungoletsedwa basi. Asilamu ndi mipingo ngati ya Seventh-day Adventist anasankha kusakhudza mowa n'komwe, ndipo Korani imavomereza kuti mowa uli ndi phindu lina koma kuipa kwake n'kokulirapo. Njira imeneyo ndi yolemekezeka, ndipo kwa munthu amene mowa unamugwira kale ndi yokhayo yotetezeka. Koma Eksodo sanaletse kuweta ng'ombe, analamula khola. Mpope womwewo ndi umene umatulutsa mankhwala otsukira m'manja amene tinawadalira nthawi ya Covid-19, spiriti wa kuchipatala ndi mafuta a galimoto, kotero kuipa sikuli mu mkuwa kapena mu nthunzi. Mbiri ikuonetsanso kuti chiletso chokha sichizima moto. Mgwirizano wa ku Brussels wa 1890 unaika malire pa mowa waukali m'chigawo chachikulu cha Africa, atsamunda anaswa miphika zaka zambiri, koma kachasu anangosamukira kudambo. Kenya, itatopa ndi maliro, inavomereza chang'aa, kachasu wa kumeneko, mwalamulo mu 2010 kuti azitha kuyezedwa.

Khola la wotcheza likudziwika. Ndi kumvera lamulo la dziko, pakuti ku Britain ndi ku America kutcheza popanda chiphaso n'kulakwira boma ngakhale mowawo ukhale womwa mwini. Ndi kusamala moto, chifukwa nthunzi ya ethanol imayaka ndi lawi losaoneka bwino masana ndipo m'nyumbamo mumagona anthu ena. Ndi kusungunula ndi madzi kufika pa magawo 40 asanapatse munthu, osathiramo chilichonse chowonjezera ukali. Choposa zonse ndi kuyang'ana nkhope ya wolandira botolo. Wotchezera pakhomo amene amati ndi wanga ndekha asadzinamize: botolo silikhalitsa osapeza alendo, ndipo iyenso ndi bambo wa wina, mwamuna wa wina. Kutcheza pakokha si tchimo, koma ndi ntchito imene munthu sangaigwire n'kudzanena pamaso pa Mulungu kuti sankadziwa. Amene sangathe kubweza kasitomala woledzera kale, kapena mwana wotumidwa ndi botolo, azime moto pansi pa mphika wake.