Kodi Wogawa Chakudya Amadya Zomwezo?

Kuno ku Mulanje achikulire akukumbukirabe phoso: ufa, nyemba ndi mchere zimene ogwira ntchito m'minda ya tiyi ankalandira kwa eni esiteti. Ambiri mwa iwo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, opanda minda yawoyawo, okhala pa malo a mzungu mwa thangata. Wina anganene kuti muyeso ukakhala umodzi kwa onse, chilungamo chakwanira. Ine ndikukana. Wokhazikitsa muyeso wa phosoyo sankadyako. Ukaperewera, mimba yake sinkadziwa kanthu.

M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linabweretsa malamulo a malimidwe: mizere yopingasa, milambala, ndipo wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Nzeru yakeyo sinali yoipa, poti mizere tikulima mpaka lero. Koma anthu anadana nawo malamulowo, pakuti wolamula khasu la mnzake sankagona ndi njala munda ukakanika. Mu February 2002, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa kale. M'zaka zina za njala zotsatira, amayi akhala akuchezera pa misika ya ADMARC kudikira makilogalamu owerengeka.

Tinene tsono kuti n'kulakwa kuika chakudya cha dziko m'dzanja limodzi? Surah ya Yusuf, ya nambala 12 m'Qur'an yolemekezeka, sikutilola kutero. Mneneri Yusuf (Alaihi Salaam) analangiza Aiguputo kulima zaka 7 motsatizana, kusunga zokolola m'ngala zake, ndi kudyako pang'ono chabe. Kumeneku ndi kulamula ulimi ndi kuchepetsa gawo la aliyense, ndipo kunapulumutsa ngakhale abale ake omwe anamuponya m'chitsime. Komatu popempha udindo wa nkhokwezo, iye anatchula zinthu ziwiri: kusunga mokhulupirika ndi kudziwa ntchitoyo.

Chachitatu tikuchiona kwa Khalifa Umar (Radhiyallahu Anhu). M'chaka cha 18 cha Hijra chilala chinakantha Madina ndi madera ozungulira, nthaka nkukhala ngati phulusa. Umar anaitanitsa chakudya kwa abwanamkubwa ake, nakonza zoti othawa njala aziphikiridwa. Kenaka analumbira kuti sadzalawa nyama kapena mafuta a mkaka mpaka anthu atapeza bwino. Ankadya mkate ndi mafuta a zitona, ndipo olemba mbiri akuti khungu lake linasintha mtundu. Sikuti kusala kwake kunadzaza nkhokwe ayi. Kunam'patsa njira yodziwira, usiku uliwonse, ngati gawo lija likukwana.

Nkhaniyi sikuthera kuboma. Inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mukudziwa mmene pamakhalira pa mzikiti matumba a ufa wa Ramadhan akafika: komiti imakhala pansi ndi m'ndandanda wa maina, amasiye ndi okalamba ali panja. Tikamayeza mbale ziwiri pa banja, ndi angati mwa ife olemba mainawo amene anayesapo kudyetsa ana asanu ndi mbale ziwirizo kwa sabata yathunthu?