Kodi Ndani Anagwetsa Chuma cha Dziko Lapansi mu 1929?

Lachiwiri pa 29 Okotobala 1929, msika wa masheya wa mumzinda wa New York ku America unagwa. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani kamene munthu amagula poyembekeza kudzagawiridwako phindu. Pa tsikulo masheya oposa 16 miliyoni anagulitsidwa motaya, ndipo ena amene anadzuka ali mpondamatiki anakagona ali amphawi. Mavuto amene anatsatirapo, otchedwa Great Depression m'Chingerezi, anatha zaka pafupifupi khumi. Pofika 1933, mmodzi mwa antchito anayi alionse ku America anali lova. Tsoka lotere silinadze ndi chilala kapena dzombe. Linapangidwa ndi manja a anthu. Nanga mlandu wake ndi wa yani?

Ambiri amafulumira kuloza chala umbombo, ndipo sanama. M'zaka za m'ma 1920 mafakitale a ku America ankatulutsa magalimoto ndi mawailesi ochuluka, ndipo anthu ankazigula pa ngongole yobweza pang'onopang'ono. Mtengo wa masheya nawo unkangokwera. Munthu ankatha kupereka gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengowo, zotsalazo n'kukongola, ali ndi chikhulupiriro chakuti mawa adzagulitsa modula. Sankafunsanso ngati kampaniyo ikupindula. Chimene ankafuna ndi wina wodzamugula. Komatu pansi pa chitukukocho panali chiswe. Alimi anali atamira kale m'ngongole kaamba ka kutsika mtengo kwa tirigu ndi thonje nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Malipiro a antchito sankakwera mofanana ndi katundu wopangidwa, motero katunduyo anayamba kuunjikana wopanda womugula. Mitengo itayamba kutsika, okongoza anafuna ndalama zawo, okongola anagulitsa masheya mwaphuma, mitengo n'kutsikiratu. Akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Komabe umbombo pawokha sukwanira kufotokoza zonse. Anthu amene anali ndi masheya anali ochepa poyerekeza ndi amene anavutika. Kuwonjezera apo, mu Okotobala 1987 msika womwewo unagwanso koopsa tsiku limodzi, koma ulova wonga wa m'ma 1930 sunabwere. Umbombo unayatsa moto, koma chimene chinaukolezera ndi china: mtima wakuti aliyense apulumutse mutu wake.

Mtima umenewu unaonekera poyamba m'mabanki. Banki siisunga m'bokosi ndalama zonse zimene anthu asungitsa. Zambiri imazikongoza kwa alimi ndi amalonda. Mphekesera ikamveka kuti banki ina yatekeseka, aliyense ankathamanga kukatapa zake, ndipo ngakhale banki yabwinobwino inkagwa chifukwa sikanatha kulipira onse tsiku limodzi. Pakati pa 1930 ndi 1933 mabanki pafupifupi 9,000 anatsekedwa. Otsalawo anachita mantha naleka kukongoza. Wamalonda wosowa ngongole anachotsa antchito, ochotsedwawo analeka kugula, ndipo wamalonda wina anatseka sitolo. Banki yaikulu ya boma, Federal Reserve, imene ikanatha kuthandiza mabanki ang'onoang'ono, inachita zochepa. Pa nthawiyo mphamvu ya ndalama inkamangiriridwa ku golide, ndipo mu 1931 bankiyo inakweza chiwongoladzanja pofuna kuteteza golide wake. Ndalama zonse zoyenda m'chuma cha dzikolo zinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Maiko nawo anachita chimodzimodzi. Mu Juni 1930 Pulezidenti Herbert Hoover anasainira lamulo la Smoot-Hawley lokweza msonkho pa katundu wochokera kunja, ngakhale kuti akatswiri a zachuma oposa 1,000 anamupempha kuti alikane. Cholinga chinali kutchinjiriza alimi ndi mafakitale a kwawo, koma maiko ena anabwezera pokweza misonkho yawo, malonda a pakati pa maiko n'kufota. Dziko la Germany, limene linkadalira ngongole za ku America polipira chipukutamisozi cha nkhondo, linasowa pogwira ngongolezo zitauma. Mu 1932 malova kumeneko anafika 6 miliyoni, ndipo mkwiyo wawo unathandiza Adolf Hitler kulowa m'boma mu Januwale 1933. Funde limeneli linafika ngakhale ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia. Mtengo wa mkuwa utatsika, migodi ina inatsekedwa, ndipo antchito zikwizikwi, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland, anabwerera kumudzi chimanjamanja pamene msonkho unali kuwadikira. Anthu amene sanaonepo sheya analipira mlandu wa ku New York.

Apa ndipo pagona funso lovuta. Wotapa ndalama zake, banki yoleka kukongoza ndi boma lokweza msonkho, onse ankachita zooneka zanzeru kwa iwo eni. Koma chimene chili chanzeru akachichita mmodzi chimatha kusanduka tsoka akachichita onse. Bwato likamagwedezeka, wothawira mbali youma sanalakwe. Koma onse akathamangira komweko, bwato limagubuduzika. Choncho khalidwe labwino silithera pa kusaba ndi kusanama. Limafunanso kuti munthu adzifunse kuti, kodi anthu onse atachita zimene ndikuchitazi, mudzi ungatsale?

Wina angafunse ngati n'chilungamo kudzudzula mayi wamasiye amene anathamangira ku banki kukapulumutsa tindalama take. Ayi, si chilungamo. Kulemera kwa mlandu kumalingana ndi mphamvu zimene munthu anali nazo. Mayiyo sakanatha kuimitsa chipwirikiti ngakhale akanasiya ndalama zake zonse. Amene anali ndi mphamvu yotero ndi oyendetsa mabanki, akuluakulu a Federal Reserve ndi opanga malamulo, ndipo mtolo waukulu ndi wawo. Umboni wake ndi zimene zinachitika Franklin Roosevelt atalowa m'malo mwa Hoover mu Malichi 1933. Iye anatseka mabanki onse kwa masiku angapo kuti aunikidwe, ndipo m'chaka chomwecho boma linakhazikitsa inshuwalansi ya ndalama zosungitsidwa ku banki. Mitima ya anthu sinasinthe, koma chifukwa chothamangira chinachoka, ndipo kugwa kwa mabanki kunachepa kwambiri.

Motero chuma cha dziko lapansi sichinagwetsedwe ndi munthu mmodzi. Aumbombo anachikweza pamalo oterera, amantha anachikankha, ndipo atsogoleri anapinda manja pamene anayenera kuchigwiriziza. Chuma chimaima pa kukhulupirirana: wosungitsa kukhulupirira banki, wokongoza kukhulupirira wokongola, dziko kukhulupirira linzake. Kusamala chikhulupiriro chimenechi ndi udindo wa aliyense, koma makamaka wa amene apatsidwa chiwongolero, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.