Kodi Nsomba Ingabedwe?

Msodzi wa ku Chembe amakankha bwato kusanache, napalasa kulunjika ku Domwe kapena ku Thumbi. Dzuwa likafika pamutu ukonde uli wopanda kanthu, mtima umayamba kunong'ona kuti m'mbali mwa miyala muli nsomba, ndipo palibe woona. Komatu m'madzi amenewo, mamita 100 kuchokera pagombe la zilumbazi, usodzi ngoletsedwa, pakuti ndi gawo la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980.

Tisafulumire kumuweruza. Ana ake akudikira ndiwo, ndipo ambirife sitinagwirepo nkhafi mwera ukuwomba. Timati wakuba ndiye wotenga cha mwini. Nanga nsomba, imene palibe anaiweta, ingabedwe?

Werengani Deuteronomo 22:6, 7. Mbalame ya pachisa inalibenso mwini, komabe Mulungu analetsa kutenga make pamodzi ndi ana. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake. Wochikola nthawi imeneyo wapha nsomba mazana zisanakule. Wobedwayo alipo, ndiye mdzukulu wa msodzi yemweyo, amene adzaponye ukonde m'nyanja yomweyo. Nanga ife amene timagula tinsomba tokokedwa ndi neti ya udzudzu chifukwa ntotsika mtengo, tili kunja kwa mlanduwu?