Kodi Khoswe Uja Anaferanji?

Akhristu anzanga, m'nyumba zathu khoswe ndi mdani, ndipo timamutchera msampha popanda kufunsa chikumbumtima. Koma pali makoswe ena oyera osungidwa m'malabotale, amene ndikupempha kuti tiwaganizire Lamulungu lino.

Akatswiri akafuna kuphunzira matenda a chiwindi, kawirikawiri amabaya kapena kumwetsa khoswe mankhwala otchedwa carbon tetrachloride. Awa ndi mankhwala amadzimadzi osungunula mafuta, amene kale ankachotsera litsiro m'masuti ndi kuzimitsira moto. Chodabwitsa n'chakuti poizoni weniweni amapangidwa ndi chiwindi chomwecho. Ntchito yake ndi kuphwanya zachilendo zolowa m'magazi, koma chikaphwanya mankhwalawa mumatuluka tizidutswa tolusa timene timawononga makoma a maselo ake. Pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, chiwindi chimadzaza mafuta, maselo ena n'kufa. Akabwereza kwa milungu ingapo, chimachita zipsera n'kuuma ngati cha chidakwa. Anapezanso kuti mowa umakulitsa ngoziyo, poti umachulukitsa enzayimu ya CYP2E1 imene imasandutsa mankhwalawo kukhala poizoni.

Kodi tsono n'kololedwa kudwalitsa dala cholengedwa cha Mulungu chimene sichinatilakwire?

Mpingo suletseratu, koma sulekereranso. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2417 ndi 2418, amavomereza kufufuza pa nyama ngati kuli ndi malire oyenera ndiponso ngati kukuthandiza kuchiza kapena kupulumutsa anthu. Kuzunza nyama popanda chifukwa kumanyozetsa ulemu wa munthu mwini. Asayansi nawo ali ndi mfundo zitatu zimene William Russell ndi Rex Burch analemba mu 1959: pamene pali njira ina nyama isagwiritsidwe ntchito, chiwerengero cha nyama chichepe, ndipo ululu uchepetsedwe.

Ife a ku Rumphi phindu la kafukufuku wotere taliona ndi maso. Midzi yoyandikana ndi Vwaza Marsh imadziwa matenda a kaodzera, amene amafala ndi kashembe. Kwa zaka zambiri, matendawa akafika ku ubongo, mankhwala ake anali melarsoprol, jakisoni wopweteka wokhala ndi arsenic, amene ankapha ena mwa odwala omwe ankayenera kuwachiza. Mapiritsi a fexinidazole anayamba ayesedwa pa nyama, pambuyo pake pa anthu, ndipo chipatala cha boma cha Rumphi chinali chimodzi mwa malo awiri amene anayesako mankhwalawa pa mtundu wa kaodzera wa kuno. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza. Lero wodwala angamwe mapiritsi masiku 10. Mbewa zimene zinafa pa ntchitoyi sizinafe chabe.

Apa ndi pamene funso limatembenukira kwa ife. Chilolezo cha Mpingo chili ndi "ngati". Imfa ya khoswe imalungama pokhapokha nzeru zimene yatipatsa zikateteza munthu. Ndipo amene amasankha ngati nzeruzo zigwire ntchito si katswiri wa mu labotale yekha ayi. Ndi ifeyo.

Carbon tetrachloride anasiya kugulitsidwa mwachisawawa, koma abale ake tili nawo: thina, petulo, guluu wa nsapato ndi mankhwala opopera fodya. Si onse amawononga mofanana, koma onse amalowa kudzera m'mapapo ndi pakhungu, ndipo chiwindi ndicho chimalimbana nawo. Tayendani m'magalaja ndi m'mashedi a akalipentala. Mudzapeza mnyamata akupopera penti atangomanga kansanza pamphuno, pomaliza n'kusamba m'manja ndi petulo. Madzulo amapita kukamwa kachasu, akuti achotse fumbi kukhosi. Chiwindi sichichedwa kuvulala, koma chimachedwa kudandaula. Maso akamachita chikasu ndi mimba kutupa, nthawi zambiri madzi amakhala atafika kale m'khosi.

Wina anena kuti: "Aphunzitsi, masiki ndi magolovesi n'zodula, ntchito n'njosowa, ndipo mnyamatayo anavomera yekha." N'zoona, ndalama ikuvuta. Koma kuvomera kwa munthu wanjala amene sanauzidwe ngozi si kuvomera kwenikweni. Tikamupatsa thina osamuchenjeza, tamusandutsa khoswe wathu, ndipo khoswe wa mu labotale amamuposa, chifukwa iye ali ndi malamulo omuteteza. Komanso zambiri sizilira ndalama: kugwira ntchito panja kapena kutsegula mazenera, kutseka zitini, kusamba ndi sopo, kusadya ndi manja a penti, ndi kusathira mankhwala m'botolo la chakumwa limene mwana angalitole.

Lamulo lachisanu la Mulungu silikamba za chikwanje chokha. Limakhudzanso kupha pang'onopang'ono chifukwa chosasamala. Amene muli ndi antchito, kaoneni mawa zimene akupuma. Amene mumagwira ntchitozi, musachite manyazi kupempha zodzitetezera, ndipo mukaona zachilendo m'thupi fulumirani kuchipatala. M'miphakati mwathu sabata ino tifunsane: ndani pakati pathu amagwira mankhwala otere tsiku ndi tsiku, ndipo tingamuthandize bwanji?

Ambuye atipatse mtima wosamala moyo umene anatisungitsa. Lamulungu labwino kwa nonse.