Kwa inu ana a pa Mayani amene mwagwira gitala

Ana anga, ndamva kuti timabandi timene mukuyambitsa pano pa Mayani sitikukhalitsa, ndipo mkangano wake ndi umodzimodzi: mtsogoleri akhale ndani. Woimba mawu akuti anthu amabwera kudzamva iye. Wa gitala akuti popanda iye nyimbo siyamba. Wang'oma wangoti chete, koma mtima uli kwina. Khalani pansi ndikuuzeni, chifukwa nkhani imeneyi inayamba inu musanabadwe.

N'zoona kuti kawirikawiri mpando umagwera wa gitala. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali athu anabwerako ndi magitala ndi mabanjo. Amene ankapita ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Rhodesia nawonso ankafika nazo zida zimenezi pamodzi ndi bulangete ndi sutikesi. Mwini gitala ndiye ankaitana anzake madzulo, ndiye ankanena tsiku lophunzira nyimbo, ndipo akakwiya n'kunyamula chida chake, dansi inkathera pomwepo. Ameneyo ankatsogolera poti katundu anali wake basi, ndipo utsogoleri wotero sindikuyamikirani.

Chifukwa chenicheni chili pa chida chomwecho. Nyimbo zambiri zimabadwira pa gitala. Munthu amakhala yekha pakhonde, chida pamwendo, zala zikufufuza pa nsambo, pakamwa pali pomasuka kung'ung'udza mawu. Wa chitoliro sangatero, pakamwa pake patsekeka. Wang'oma amagwira liwiro, koma ng'oma siuza woimba kuti ayambire pamwamba kapena pansi. Gitala imapereka kiyi, imapereka kagundidwe, imasonyezanso kumene nyimbo ikulowera. Tsono anzake akamafika, wa gitala amakhala ataimva kale nyimbo yonse m'mutu. Akudziwa pamene besi ilowere, pamene ovomera avomere, ndi pamene mawu alekeze kuti anthu atimbe dansi. Munthu wotere anzake amangopezeka akumuyang'ana kumaso popanda wowauza.

Nonsenu munaimapo pabwalo gule atatuluka. Ng'oma zimakhala zingapo, koma mbalule ndiyo imalankhula ndi mapazi a wovina, ndipo woimba mbalule maso ake sachoka pamiyendo ya gule. Gitala ya lidi inakhala pamalo a mbalule. Ndiye onetsetsani bwino: wa mbalule saimba zomukomera yekha, amatsata wovina ndipo amamvera ng'oma zinzake.

A Daniel Kachamba a kwa Singano ku Chileka, amene anatisiya mu 1987, ankaliza gitala imodzi koma womvera pa wailesi ankayesa kuti ndi anthu angapo. Chala chachikulu chinkayendetsa besi, zala zina zikuimba nyimbo pamwamba pake. Munthu amene zala zake zimatha kugwira mbali zonse za nyimbo amathanso kuuza mnzake aliyense mbali yake. M'bandi yawo, mng'ono wawo a Donald Kachamba ankaliza chitoliro cha kwela, ndipo mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo n'kuyamba kujambula nyimbo zawo, mpaka dzina la Kachamba linamveka ku Ulaya. A Daniel atamwalira, a Donald anapitiriza kuphunzitsa ana a m'mudzimo mpaka nawonso anatsikira kulichete mu 2001.

A Allan Namoko a ku Thyolo anali osaona. Sakanatha kuloza munthu ndi diso kuti lowa apa, leka apo. Komabe anatsogolera Chimvu River Jazz Band ndi banjo yawo mpaka imfa yawo mu 1995, anyamata awo akuimba ng'oma zopanga okha. Ankatsogolera ndi khutu. Ndikakumbukira a Namoko ndimadabwa ndi anyamata ena amasiku ano amene amakweza ampulifaya mpaka woimba mawu mitsempha ya pakhosi kutuluka, iwo ali kalikiliki kuonetsa anthu kuthamanga kwa zala. Mwana wanga, ngati sukumumva mnzako wa besi, sukutsogolera aliyense.

Ifenso tinayambira pa zopanga tokha. Chigubu cha mafuta, mtengo wosema bwino, waya wa mabuleki a njinga wopatula chingwe chimodzichimodzi, zikhomo zamtengo zokungira nsambo. M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno ku mapiri a Dedza mukudziwa nokha, zala zimauma, nsambo zimasokonekera, ndipo umayamba waotha moto kenaka n'kuchuna chida khutu lili pafupi ndi chigubu. Amene ankadziwa kuchuna ndiye ankachunira onse, ndipo ankafika msanga kuposa onse. Utsogoleri wake unkayambira pamenepo, anthu asanabwere, opanda womuombera m'manja.

Ndiye pali nkhani yolera anzako. Alleluya Band inayamba ku Balaka mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, ndipo a Paul Banda anaitsogolera zaka zambiri. Taonani anthu amene anadutsa m'manja mwawo: mng'ono wawo Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena. Ku Zimbabwe, a Nicholas Zakaria, amene mizu yawo ndi ya kuno kwathu, anatsogolera Khiama Boys ndi gitala ya lidi, ndipo m'bandimo munakulira Alick Macheso, mwana wina wa magazi a kuno, woimba besi. Macheso atakhwima anachoka n'kukayambitsa Orchestra Mberikwazvo, chimbale chake choyamba n'kutuluka mu 1998. Kuchoka kwa Macheso sikunachepetse dzina la a Zakaria. Anthu kumeneko anawapatsa ulemu wa mphunzitsi wamkulu chifukwa cha oimba amene anawasula. Iwe wa gitala, ukamabisa zala kuti mng'ono wako asaone mmene ukugwirira, ukuopa chiyani? Mpatse chida agwire. Tsiku limene udzadwale malungo ukwati uli mawa, udzamufuna.

Chimene chimapha mabandi ambiri si nyimbo ayi, ndi ndalama. Ndinaona ndi maso anga bandi ina ya kufupi konkuno imene inkakometsa maukwati ndi zinkhoswe nthawi yokolola, anthu atagulitsa mbatata ya kachewere ndi nyemba, m'matumba muli kanthu. Usiku wina phwando litatha, wa gitala analandira yekha envelopu kuseri kwa nyumba. Anabwera n'kupatsa aliyense kangachepe m'manja, akuti zotsalazo ndi za zida. Wang'oma, manja atatupa ndi kuimba kuyambira masana, anangoyang'ana ndalamayo, n'kuipinda, n'kukwera njinga yake osatsanzika. Sanabwerenso. Mwezi usanathe wa besi anamutsatira. Gitala ija inatsala yokha pakhoma.

N'zoona kuti zida zimadya ndalama. Nsambo zimaduka, batire limafuna kutchaja, jenereta imafuna petulo, ndipo sipika siyenda yokha kupita ku Dedza boma. Koma zimenezi zinenedwe poyera. Ndalama ithiridwe pamphasa onse akuona, iwerengedwe mokweza, ya zida ipatulidwe, yotsala igawidwe monga munapanganirana musanapite. Amene amasunga ndalama asakhale yemweyo amene amasunga zida. Mutu umodzi susenza denga, akuluakulu anatero.

Inu amene simugwira gitala musadzione ngati alendo m'bandi yanu. Lucius Banda, amene tinamutaya mu 2024, anayambitsa Zembani Band mu 1997, ndipo anthu ankamutsatira chifukwa cha mawu ake ndi kulimba mtima kwake poyankhulira amphawi. Evison Matafale anatsogolera Black Missionaries ndi uthenga wa m'nyimbo zake. Madalitso Band ya ku Lilongwe ndi anthu awiri okha, Yobu Maligwa pa babatoni ndi Yosefe Kalekeni pa gitala ndi ng'oma yoponda ndi phazi, ndipo afika mpaka ku Ulaya ndi zida zosafuna magetsi. Ngati pakati panu amene amapeka nyimbo, kusunga nthawi ndi kuyankhula bwino ndi eni phwando ndi wa kiyibodi kapena wang'oma, mpatseni mpando ameneyo, wa gitala asachite nsanje. Inunso atsikana, musamangoima kumbuyo n'kumavomera. Nsambo sizisankha zala. Pemphani chida kwa alongo anu kapena ku kwaya ya kutchalitchi, muphunzire.

Chinthu china ndi mowa. Mtsogoleri akayamba kulandira kachasu m'malo mwa malipiro, anyamata ake amatengera, ndipo mawa lake palibe amene angakuitaneni pa ukwati wa mwana wake. Imbani kaye, mupakire zida, muziperekeze kunyumba.

Tsono Loweruka likubwerali, musanalumikize waya uliwonse, khalani pansi nonse. Gulani kope ku golosale, mulembemo mwini wa chida chilichonse, kagawidwe ka ndalama, ndi dzina la amene mwamusankha kuti akutsogolereni chaka chino. Aliyense asayine. Mukasemphana penapake, bwerani nalo kopelo kunyumba kuno madzulo ndikaweruka kudimba, tidzaunikire limodzi.