Kodi Chidani Nacho Ndi Choloŵa?

Munthu akatsikira kuli chete amasiya munda ndi dzina, koma nthaŵi zina amasiyanso mkwiyo. Kodi n'koyenera kuti mdzukulu alandire chidani cha agogo ake monga choloŵa?

M'chaka cha 1948, pamene chipani cha tsankho chinatenga boma ku South Africa, Alan Paton anatulutsa buku lotchedwa Cry, the Beloved Country. M'nthanoyi muli abambo aŵiri: Stephen Kumalo, wansembe wosauka wa m'chigwa cha Ndotsheni, ndi James Jarvis, mzungu wa munda waukulu kumtunda kwake. Mwana wa Kumalo anawombera mwana wa Jarvis ku Johannesburg, naweruzidwa kuti anyongedwe. Maliro anagwa m'nyumba zonse ziŵiri, pakuti misozi siyang'ana khungu.

Chimene chinatembenuza mtima wa Jarvis si bwalo la milandu ayi. Anaŵerenga zolemba za malemu mwana wake, amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda. Pambuyo pake kamdzukulu kake kamasiye kanayamba kucheza kwa Kumalo, kuphunzira Chizulu, nikamva kuti ana a m'mudzimo akufa posoŵa mkaka. Mkaka unafika, wochokera kwa namfedwayo.

Mkakawo sunadzutse wakufa, sunathetsenso tsankho. Kukhululuka sikutanthauza kuiŵala, ndipo sikuloŵa m'malo mwa chilungamo. Komabe mwanayo akadaletsedwa kutsikira kuchigwa, chidani chikadapeza mloŵam'malo.

Mwana sabadwa ndi mdani. Amamuphunzira madzulo poŵotha moto. Tsono mukamasimba za amene anakulakwirani, nenani zoona, koma yang'anani amene wakhala pamwendo panu akumvetsera. Kodi mukumusiyira chiyani?